Theka la Bwato la Bambo Athu

Malemu agona patsogolo pathuwa, a Numa Templet, anabadwa pa 9 Malichi 1911 kuno ku Pierre Part, m'nyumba ya matabwa imene madzi anaitenga kalekale. Anali mwana wachiwiri wa bambo Theophile Templet ndi mayi Celima. Woyamba ndine Zelia, ndaima panone. Wachitatu ndi a Ovide, awo akhala kutsogoloko atakumbatira chipewa ngati wina akufuna kuwalanda. Ana a malemu anandipatsa pepala loti ndiwerenge, koma akudziwa okha kuti ine ndi zilembo sitinapatsanepo moni. Ndalipinda, lili m'chikwamamu. Madeti ndinawasunga m'mutu, ndipo amene akuona kuti ndaphonya adikire tikatuluka.

M'chaka cha 1918 malemu anayamba sukulu. Ankapalasa okha kabwato kupita ndi pobwera. Anaphunzira zaka zitatu basi. Masiku amenewo mwana akamveka akulankhula Chifalansa chathu kusukulu ankamugwaditsa pa chimanga chouma, ndipo malemu Chingerezi analibe, ndiye mawondo anawathera asanadziwe kulemba dzina lawo bwinobwino. Atadziwa manambala, bambo anati zakwana, abwere adzagwire matabwa. Ine sananditumize n'komwe, anati mpunga saphika ndi pensulo.

M'chaka cha 1926 bambo athu anaganiza zopanga bwato lalikulu la banja, lathyathyathya pansi, la mkungudza wa m'dambo, loikamo kainjini. Ntchito anaigawa chonchi: mbali ya kumanja anapatsa malemu, ya kumanzere anapatsa a Ovide, poti iwo ndi amanzere chibadwire. Aliyense anapala matabwa ake, kuwanyika m'madzi, kuwapinda yekha, bambo akungoyendera ndi diso. Chaka chotsatira kunabwera chigumula chachikulu chija. Achikulire muli muno mukuchikumbuka. Bwato limenelo linatinyamula tonse, ndi makina osokera a mayi, nkhuku, ndi nkhumba imodzi imene inandiponda phazi njira yonse. Tinkaphika momwemo, tinkagona momwemo, mpaka tinafika pouma. Pakanapanda bwatolo, bwenzi lero kulibe woikidwa, kulibenso wolankhula.

Pa 14 Novembala 1934 malemu anamanga ukwati m'tchalitchi muno ndi a Elodie Aucoin, awa avala zakudawa. Mayi awo a Elodie sanafune. Ankati mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wonunkha milamba. Malemu anangowapangira mpando wogwedera, ndipo mayiwo anakhalapo mpaka imfa yawo, akugwedera uku akumunyoza mkamwini. Banja limeneli Mulungu analipatsa ana atatu: Wilfred, Rosella ndi Lurline. A Elodie, ine ndi inu takanganapo za mchere wa mu msuzi wathu wa gumbo kwa zaka makumi asanu, ndipo sindinasinthe maganizo, koma pamaso pa anthu onsewa ndikunena kuti mlongo wanga munamusunga bwino.

Kuyambira nthawi imeneyo ntchito ya malemu inali yopanga mabwato a asodzi ndi a anthu otchera misampha m'madambo. Theka la inu munakulira m'mabwato awo. Koma cha m'ma 1959 kunabwera mabwato a chitsulo chopepuka, osaola, osafuna penti, ndipo anthu munathamangira komweko. Musaweramitse mitu, ndikukudziwani. Ntchito inatha. Malemu ankangokhala m'shedi mwawo kunola zida zimene zinali zakuthwa kale.

Amene anawatulutsa m'menemo ndi mayi Crochet, amasiye aja a kumtunda kwa mlatho. Anabwera kudzapempha kuti malemu akawachotsere bwato loola la amuna awo, poti linkawapweteka mtima akamaliona, komanso sangathe kuliotcha. Malemu anapita ndi chingwe. Anayeza bwatolo kutalika kwake, kenako anapinda chingwecho kanayi, n'kuyeza m'lifupi, n'kupindanso, chimodzimodzi nthiti iliyonse. Analiphwasula, n'kusankha matabwa amene anali akadali amoyo, kuwang'amba, kuwapala mpaka kupyapyala. Patapita milungu anawatengera mayiwo bwato lomwelo, koma lotalika ngati tebulo, lili pa miyendo, galasi pamwamba. Ngakhale pamene amuna awo ankazimitsira fodya panaoneka. Mayi Crochet anakhala pansi, kenako anafunsa ngati angaikepo khofi.

Basi ntchito yatsopano inayambira pamenepo. Anthu ankabwera ndi mabwato a makolo awo atawakoka pa ngolo, n'kubwerera ndi tebulo, kapena kabwato koimika m'ngodya kokhala ndi mashelefu. Malemu sankajambula papepala. Chingwe, diso ndi chala. Ndipo sankalola thabwa lachilendo. Ankati kabwato kakang'ono kazichokera m'thupi la bwato lalikulu, apo ayi ndi bokosi chabe. Lero timabwato tawo tili m'nyumba za anthu mpaka mumzinda wa Baton Rouge, kwa anthu oti sanagwirepo nkhafi.

Tsopano ndafika pamene ana anandipempha kuti ndilumphe. Sindilumpha. Mbiri ya munthu uyu popanda nkhani imeneyi ndi mbiri ya munthu wina.

Pa 2 Febuluwale 1964 bambo athu anatisiya, mayi atatsogola kale. Katundu anali wochepa, tinagawana mwamtendere. Linatsala bwato lija. Linali litakhala pamtunda zaka zambiri kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Malemu anati alidule apange laling'ono lisanaole lonse. A Ovide anati ayi, alikonza, libwerera pamadzi.

"Ulikonza liti iwe?" anatero malemu. "Chitseko cha khola lako chakhala chikulendewera kuyambira nthawi ya nkhondo."

"Bola chitseko cholendewera, achimwene," anatero a Ovide. "Inu mukufuna kusandutsa bwato la bambo chidole choikapo maluwa."

Mawu akuti chidole ndi amene analasa. Malemu nkhope inachita kuda. Anati mbali ya kumanja anapanga ndi iwo, ndipo achita nayo zimene akufuna. A Ovide anati ya kumanzere ndi yawo, munthu asaikhudze. Malemu anati, "Ndiye tenga yakoyo." A Ovide anati, "Bweretsani sowo."

Tonse tinkayesa nthabwala. Sowo inabwera, yaikulu ija ya anthu awiri. Analiimika bwatolo chammbali, wina mbali iyi, wina mbali iyo, osaonana nkhope, n'kuyamba kucheka kuchokera kumphuno kutsika mpaka kumbuyo. A Elodie akulira, a Azema akazi awo a Ovide akulira, ine ndinatembenuza ndowa n'kukhalapo, poti zoterezi munthu saona kawiri. Uyu akoka, uyu akoka, popanda liwu limodzi. Ndipo ndikuuzeni, mzere umene anacheka unali wowongoka ngati ulusi. Anthu awiriwa pa ntchito ankamvana kuposa pakamwa. Atamaliza, a Ovide anakweza theka lawo pa bwato lawo n'kuwoloka nalo tsidya lina. Kuyambira tsiku limenelo sanalankhulane kwa zaka zoposa makumi awiri.

Malemu anatenga theka lawo n'kupanga kabwato, mbali ya kumanja yokha. A Elodie anawauza kuti matabwa atsala ambiri, bwanji osamalizitsa mbali inayo. Iwo anati, "Ya kumanzere si yanga." Ndiye anakakhomera pakhoma la pabalaza choncho, theka, ngati bwato likutuluka m'khomamo. A Elodie anaikapo chithunzi cha Amayi Maria ndi botolo la mankhwala a nyamakazi. Alendo a ku tauni akabwera kudzatenga matebulo awo, maso ankathera pomwepo. Mayi wina wa zipewa zazikulu anati nayenso akufuna la theka, akuti n'lamakono. Malemu anamuyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, ichi si fashoni, ndi mkangano. Mukafuna chanu, kayambaneni ndi mlongo wanu."

Nyumba zawo mukuzidziwa, zimayang'anizana, mtsinje pakati. M'mawa uliwonse aliyense ankatuluka pakhonde pake ndi kapu ya khofi, nthawi imodzimodzi, mpando ataupotoza kuti ayang'ane kwina. Muno m'tchalitchi uyu ankakhala uku, uyu uko, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere onse ankapezeka akutsokomola. Pa ukwati wa Rosella a Ovide anabwera, anadya mbale ziwiri, anavina ndi mkwatibwi, n'kupita osapereka moni kwa bambo wa mwana. Akazi awo okha ndi amene anali ndi nzeru, miphika inkawoloka mtsinje mlungu uliwonse. Ine ndinkayendera nyumba zonse ziwiri. Ndikafika uku, funso linali lakuti, "Ujeni wa tsidya linalo akuoneka kuti waonda, akudya?" Ndikafika uko, "Akuluwo ndawaona akutsimphina, n'chiyani?" Ndinkawauza kuti mtsinje ulibe mpanda, akafunse okha.

Mu 1979 a Azema anamwalira. Malemu anabwera ku maliro, anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Patapita masiku pamanda panapezeka mtanda wa mkungudza, wopalidwa bwino, wopanda msomali ngakhale umodzi. Palibe ananena kuti waika ndani. A Ovide anadziwa dzanja lake. Sanathokoze, koma sanauzulenso.

Za theka la a Ovide palibe ankadziwa. Ena ankati anaotcha, ena ankati akudyetseramo nkhumba. Tsiku limene mphekesera ya nkhumbayo inawafika malemu, sanadye. Sanafunsepo, sanadandaulepo, koma amene ankawaona madzulo atakhala pabalaza anadziwa kumene maso awo ankapita. Munthu amene anamalizitsa mabwato a anthu onse a mtsinje uno, lake linali la theka.

Mu Okutobala 1985 malemu anayamba chifuwa. Ankati ndi utuchi. Mu Januwale chaka chino anawatengera ku chipatala cha ku tauni, ndipo madokotala atawaunika anati mapapo atha, abwerere kunyumba akapume. Ana anafuna kukaitana a Ovide. Malemu anati, "Amene awoloke mtsinje kukandipemphera chisoni, akhale komweko." Ana anaopa. A Elodie analira. Ine, amene mumandinena kuti ndimakonda mikangano, uwu unandiopsa, poti ndinaona kuti ulowa m'manda uli wosatha.

Nyengo ya Lenti itayamba, malemu anamuitana Wilfred n'kumuuza kuti azule theka lija pakhoma, akaliike pakhonde, mbali yodulidwayo iyang'ane kumtsinje. Wilfred anafunsa chifukwa. Iwo anati, "Likufuna mphepo. Ukufunsanso chiyani?" Linakhala pamenepo, poyera, aliyense wodutsa pamadzi akuliona mkati mwake mopanda kanthu. A Ovide analiona. Chimene anachita n'kulowetsa mpando wawo m'nyumba. Khofi anayamba kumwera kukhitchini. Masiku ankapita, malemu akuwatulutsa pakhonde atawafunditsa bulangete, akuyang'ana khonde la tsidya lina lopanda munthu. Ankangofunsa ngati mphepo sinagwetse bwato lawo.

Kenako m'mawa wina, ine ndili kukhitchini ndi a Elodie, tinamva injini ikuwoloka. Tinasuzumira pawindo. A Ovide, ndi chinthu chachitali chokutidwa ndi lona chitagona m'bwato mwawo. Anakocheza, anavundukula. Theka la bwato la bambo. Silinaotchedwe, silinaone nkhumba. Zaka zonsezo linali likulendewera kudenga kwa shedi yawo, pamthunzi, akulipaka mafuta chaka ndi chaka, osauza ngakhale ana awo.

Anakwera pakhonde, chipewa chili kumutu. Anati, "Achimwene, ndamva kuti mukufa."

Malemu anati, "Wamva kwa Zelia?"

"Kwa Zelia chiyani. Mukutsokomola mpaka agalu anga asiya kugona."

Malemu anayang'ana matabwa ali kudookowo nthawi yaitali. Kenako anati, "Suja unati ulikonza?"

A Ovide anati, "Ndikanakonza bwanji, theka linalo munasandutsa shelefu ya mankhwala a alamu."

Malemu anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo a Ovide anawagwira kumsana mpaka chinatsika. A Elodie anafuna kutuluka, ine ndinawakoka diresi. Ndinati khalani pansi, mukawasokoneza ayambiranso.

Manja a malemu anali atasiya kugwira puleni yopalira matabwa. Ndiye ntchito yong'amba theka lawolo n'kupanga mbali ya kumanzere ya kabwato kaja inagwera a Ovide, msodzi wa zala ngati zipini za nkhafi, amene chinthu chaching'ono chimene anapangapo m'moyo mwawo ndi khola la nkhuku. Benchi anaikokera pakhonde. Malemu ali pampando ndi kandodo kolozera, a Ovide ali chiweramire. Mwezi wonse wa Malichi mtsinje unamva zinthu.

"Ukupala kapena ukukumba mbatata?"

"Mukadziwa kwambiri dzukani mupale nokha."

"Thabwa limenelo linaona chigumula, iwe ukulithyola ndi chala chimodzi."

"Ndinalipinda ndine thabwa limeneli inu musanamere ndevu."

"Ndiwe wamng'ono kwa ine, chitsiru."

"Ndevu zinayamba kwa ine."

Anthu odutsa ankazimitsa injini kuti amve bwino. Malemu amene ankakana chakudya anayamba kupempha mpunga, akuti akufuna mphamvu zomutukwanira mng'ono wawo. Masana akagona pampando, a Ovide ankasiya puleni kuti isawadzutse, n'kukhala phee pambali pawo mpaka adzuke, kenako n'kuwauza kuti amaliza mkonono ngati nkhumba.

Sabata ya Pasaka mbali ziwirizo anazilumikiza. Ya kumanzere inakwera pang'ono kuposa inzake. Tonse tinadikira kuti malemu alamula kuti aphwasule, poti ntchito yopendekera sankaitulutsa m'shedi. Anayendetsa chala pamwamba pake, n'kunena kuti, "Ndi mmene linalili la bambo. Mbali yako inali yodzikuza kuyambira kale."

Tinkayesa zatha. Kunatsala penti. Malemu anati bwato la bambo linali lobiriwira. A Ovide anati linali lofiira. Matabwa anali atasuluka kalekale, sakanaweruza. Anakangana tsiku lonse, mawu akukwera, mpaka ndinaona a Ovide akufunafuna chipewa, ndipo a Elodie anayamba kupemphera kolona. Anandiitana ine ngati wamkulu. Ndinati mundisiye, maso anga a nthawi imeneyo anali pa anyamata, osati pa mabwato. Koma ndinkadziwa. Linali lofiira. Bambo anapaka penti yotsala ya denga la sitolo. Lobiriwira linali la amalume athu.

Mawa lake a Ovide anandikokera kuseri kwa shedi. M'dzanja anali ndi kachidutswa ka thabwa kamene anakapeza pansi pa nthiti ya theka lawo, pamene dzuwa silinafikepo. Kofiira ngati tsabola. Anati, "Waona, Zelia?" Ndinati ndaona, pita ukawaonetse, upambane. Amene mukuwadziwa a Ovide mukudziwa kuti munthu uyu anakanganapo ndi Bambo Mfumu za tsiku limene iye mwini anabatizidwa. Anakayang'ana kachidutswako, anayang'ana kukhonde kumene achimwene awo ankawodzera m'bulangete. Analowa kukhitchini, anatsegula chitofu n'kukaponyamo. Kenako anamutuma Wilfred kusitolo kukagula penti yobiriwira. Anandiuza kuti ndisanene kwa munthu. A Ovide, mwaweramitsa mutu, koma amene simunafune kuti amve uja sakumvanso, ndiye ndanena.

Penti itauma, malemu anali atasiya kutuluka pakhonde. A Ovide ndi Wilfred ananyamula bwatolo mpaka kuchipinda, n'kuliika pa mipando iwiri pambali pa bedi, lathunthu, lobiriwira ngati tsamba. Malemu anatulutsa dzanja m'bulangete, analisisita kuchokera kumphuno mpaka pamene dzanja linafika. Mawu anali atachepa, tinachita kuwerama kuti timve. Anati, "Waona tsopano? Ndinakuuza kuti linali lobiriwira."

A Ovide anati, "Munandiuza, achimwene."

Malemu anati, "Mutu wako wouma."

A Ovide anati, "Wouma ndithu." Ndipo anakhala pamphepete pa bedi atagwira dzanja lija, osalisiya mpaka dzuwa linapendeka.

Malemu anatisiya Lamulungu pa 6 Epulo 1986, kunyumba kwawo, atalandira masakalamenti, akazi awo ali mbali iyi, mng'ono wawo mbali iyo. Anali ndi zaka 75.

Asiya akazi awo a Elodie. Asiya ana atatu, Wilfred, Rosella ndi Lurline, pamodzi ndi apabanja awo. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi, ndi zidzukulutudzi zinayi, kuphatikizapo kaja kakulira kumbuyoko, musakatulutse, agogo ake phokoso sankadana nalo. Asiya mlongo wawo mmodzi, ine. Ndipo asiya mng'ono wawo, a Ovide Templet. Pa maliro apitawa a banja lino mayina awiriwa tinkawatchula motalikitsana ngati agalu olumana. Lero ndawatchula pamodzi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza Bambo Mfumu, amene ankabwera ndi Ukaristia mlungu uliwonse ndipo ankayerekeza kusamva zimene zinkanenedwa pakhondepo. Ndikuthokoza anamwino amene ankabwera kudzawabaya jekeseni, ngakhale malemu ankawauza kuti dzanja lawo n'lolemera. Ndikuthokoza amayi a m'tchalitchi muno chifukwa cha miphika imene yadzaza khitchini ya a Elodie. Aliyense akatenge wake, ndipo mwini wa mphika wa nyemba uja adzandione pandekha. Ndikuthokoza anyamata amene akonza manda, ndi inu nonse amene mwasiya maukonde anu m'madzi nyengo ya nkhanu ino kuti mudzaperekeze mlongo wanga. Tikachoka kumanda, khofi ndi chakudya zili kunyumba ya malemu. Bwato lili pabalaza, mukalione, koma osaikapo kapu.

Numa, mlongo wanga, ndakutchula mwaulemu mmawa wonse uno, tsopano ndikuitane mmene ndinkakuitanira uli wamng'ono. Unapita ukudziwa kuti wapambana, ndipo palibe akulande zimenezo. Ukakumana ndi bambo kumeneko akakuuza okha za pentiyo, ndipo ukadziwa chimene mng'ono wako anakuchitira. Gona tsopano. Ambuye akupatse mpumulo wosatha, mzimu wako uuse mumtendere.